Ali Dere N'kulinga Utayenda Naye

Akuluakulu akale ankati "ali dere n'kulinga utayenda naye." Ankatanthauza kuti munthu sadziwika pongomva dzina lake kapena pongomuona tsiku limodzi pamsika. Khalidwe lake limaoneka kwa amene wagona naye m'njira, wadya naye mbale imodzi, ndiponso wamuona atakwiya ndi atakondwa. Mwambiwu unanenedwa za anthu, komatu umakhudzanso mawu. Mdzukulu amene akufuna kudziwa matanthauzo a mawu a Chingerezi ayenera kuyenda nawo mawuwo monga amayendera ndi munthu, pakuti liwu lililonse lili ndi kwawo, lili ndi abale, lili ndi anzake amene limakonda kukhala nawo, ndiponso lili ndi mabwalo ena amene silifikako.

Njira imene ana ambiri amatsata ndi yosiyana ndi imeneyi. Amatenga kope n'kujambula mzere pakati pa tsamba. Kumanzere amalemba liwu la Chingerezi, kumanja liwu limodzi la Chichewa, kenaka n'kumaloweza pamtima ngati nyimbo mpaka tsiku la mayeso. Njirayi imaoneka yachidule ndipo kope lake limakondweretsa kholo, koma imabzala bodza m'mutu mwa mwana, lakuti liwu lililonse la Chingerezi lili ndi mnzake m'Chichewa wofanana naye ndendende ngati mapasa. Bodza limeneli ndilo limagwetsa ana anzeru amene anakhala usiku wonse akuloweza.

Nkhaniyi si yamasewera. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress Party unagamula kuti Chichewa chikhale chiyankhulo cha fuko, koma Chingerezi chinapitiriza kukhala chiyankhulo cha ntchito za boma. Wophunzira amene walephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza bwino masamu ndi sayansi. Gawo 51 la malamulo aakulu a dziko limafuna kuti phungu wa Nyumba ya Malamulo azitha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira. Malangizo a pabotolo la mankhwala, pepala la ngongole ya kubanki ndi kalata ya ntchito, zambiri mwa izi zimabwera m'Chingerezi. Munthu amene wamva liwu limodzi mokhota pa mapepala otere angataye ndalama, ntchito, ngakhale moyo.

Pamene mzere wa m'kope umanama

Chitsanzo choyamba chili m'nyumba momwemo. Mwana amaloweza kuti "uncle" ndi malume. Koma Mngerezi akati "uncle" amaphatikiza mlongo wa mayi, mchimwene wa bambo, ndi mwamuna aliyense amene anakwatira azakhali kapena mayi aang'ono. Kwa Achewa anthu amenewa sangalowe m'dengu limodzi. Malume, amene ena amati atsibweni, ndiwo mwini mbumba. Iwo amakhala nkhoswe paukwati wa ana a mlongo wawo, amakamba milandu ya pabanja, ndipo ufumu umachoka kwa iwo kupita kwa mwana wa mlongo wawoyo. Mchimwene wa bambo ndi bambo ndithu, aakulu kapena aang'ono, ndipo udindo wawo ndi wina.

Chimodzimodzi ndi liwu lakuti "cousin." Kwa Mngerezi mwana aliyense wa "uncle" kapena "aunt" ndi "cousin." Kwa Achewa mwana wa mayi aang'ono kapena wa bambo aakulu ndi m'bale weniweni, mkulu, mng'ono kapena mlongo, ndipo kukwatirana naye n'kulaula mudzi. Msuweni ndi mwana wa malume kapena wa azakhali yekha, amene munthu amaseleulana naye momasuka, ndipo kale asuweni ankatha kukwatirana. Nalonso liwu lakuti mlongo silifanana ndi "sister," chifukwa mlongo wa mnyamata ndi mtsikana pamene mlongo wa mtsikana ndi mnyamata. Tsono wantchito wa ku Johannesburg kapena ku London amene wapempha tchuthi kachiwiri kuti akaike maliro a "mother" wake angaoneke wabodza pamaso pa abwana ake, chikhalirecho wanena zoona: amene amwalira ulendo uno ndi mayi aang'ono. Cholakwa chake n'chakuti anadziwa dzina la liwu koma sanadziwe malire ake.

Aneni nawonso amachita zomwezo. Chingerezi chili ndi liwu limodzi lakuti "wash," pamene Chichewa chimati kuchapa zovala, kutsuka mbale, kusamba m'thupi ndi kusukusula kumaso. Chingerezi chimati "carry," Chichewa n'kumasiyanitsa kusenza mtsuko pamutu, kubereka mwana kumsana ndi kunyamula thumba m'manja. Pena zinthu zimatembenuka. Liwu limodzi lakuti kumva limagawika kasanu likafika m'Chingerezi: kumva kulira kwa ng'oma ndi "hear," kumva tanthauzo ndi "understand," kumva ululu ndi "feel," kumva fungo ndi "smell," ndipo kumvera makolo ndi "obey." Mwana woti "ndibwereke cholembera" amafulumira kunena "borrow me," chifukwa kubwereka kumagwira mbali zonse ziwiri, pamene Chingerezi chimati wolandira "borrow," wopereka "lend."

Palinso mawu a nkhope zambiri. "Late" ndi kuchedwa, koma likakhala patsogolo pa dzina la munthu limatanthauza malemu. "Bank" ndi kosunga ndalama, ndiponso ndi gombe la mtsinje. Akonzi a mtanthauziramawu wamkulu wa Oxford English Dictionary, atamaliza kuunikanso mneni wakuti "run" mu 2011, anapeza matanthauzo 645. Munthu amatero akamathamanga, madzi a pampopi amatero akamatuluka, mwini sitolo amatero akamayendetsa malonda ake. Mzere umodzi wa m'kope sungasenze katundu wotere.

Kufunsa mfunda

Mlendo akafika pamudzi, eni ake amamufunsa kumene wachokera ndi mfunda wake. Akati ndi Phiri kapena Banda, anthu amadziwa pomukhazika. Mawu a Chingerezi nawonso ali ndi mifunda, ndipo woidziwa amaphunzira msanga.

Tsinde la chiyankhulochi linafika ku Britain m'zaka za m'ma 400 ndi mitundu ya Angles ndi Saxons, yochokera kumene lero kuli Germany ndi Denmark. Mawu awo ndiwo a m'nyumba ndi a kumunda, monga "house," "water," "mother" ndi "bread." Pambuyo pake kunabwera ankhondo a panyanja otchedwa Vikings, amene anasiya mawu ngati "egg," "sky" ndi "window," lomwe poyamba linkatanthauza diso la mphepo. Mu 1066 William wa ku Normandy anagonjetsa England, ndipo kwa zaka zambiri mafumu ndi oweruza milandu ankalankhula Chifalansa. Ndicho chifukwa chake ng'ombe ya m'khola ndi "cow" koma nyama yake pambale ndi "beef," nkhosa ndi "sheep" koma nyama yake ndi "mutton," nkhumba ndi "pig" koma nyama yake ndi "pork." Mayina a ziweto ndi a Chingerezi chakale, mayina a nyama ndi ochokera ku Chifalansa. Anthu ophunzira a m'matchalitchi ndi m'sukulu zapamwamba anaonjezeranso mawu a Chilatini ndi Chigiriki.

Mbiri imeneyi ili ndi phindu kwa wophunzira. Imafotokoza chifukwa chake chinthu chimodzi chimakhala ndi mawu atatu osalemera mofanana. "Ask" ndi la pakhomo, "question" linachokera ku Chifalansa ndipo limamveka la pabwalo, "interrogate" ndi la Chilatini ndipo malo ake ndi kupolisi. Onse atatu mwana angawalembe kuti kufunsa, koma mdzukulu wonena kuti akukachita "interrogate" agogo ake wawasandutsa mkaidi. Mbiriyo imathandizanso kukumbukira. "Lord" linachokera ku mawu akale otanthauza wosunga buledi, ndipo "lady" wokanda buledi. Mwana wa pamudzi amene akudziwa ulemu wa mwini nkhokwe sangaiwale mawu awiriwa atamva zimenezi.

Kubwereka mawu si manyazi a chiyankhulo chilichonse. Chichewa chinatenga nsapato, kalata, mbatata ndi kapitawo kwa Apwitikizi, n'kutenganso sukulu, buku, tebulo ndi bulangete kwa Angerezi. Nacho Chingerezi chinatenga "safari" ku Chiswahili, "tsetse" ku Chitswana, "impala" ndi "mamba" ku Chizulu. Mdzukulu asachiope ngati chiyankhulo chotsika kumwamba, poti ndi chiyankhulo cha anthu chimene chinakula potola apa ndi apo.

Komabe mfunda sunena zonse za munthu. Mawu amasintha khalidwe akamakula. "Nice," lomwe lero ndi loyamikira, m'zaka za m'ma 1300 linkatanthauza munthu wopusa, ndipo "meat" kale linkatanthauza chakudya cha mtundu uliwonse. Kudziwa kumene liwu linachokera ndi chiyambi chabe cha ulendo.

Kudziwa abale a liwu

Mwana wolankhula Chichewa ali ndi luso limene iye mwini salizindikira. Kuchokera ku liwu lakuti lima amapanga limira, limitsa, limidwa, mlimi ndi ulimi, popanda wina womuphunzitsa. Amadziwa kuti tsinde limodzi limabala banja lonse. Luso lomwelo ndilo lofunika m'Chingerezi. Wodziwa "care" ali pafupi kudziwa "careful," "careless," "carefully" ndi "carelessness," bola atazindikira kuti kachidutswa kakuti "ful" kamanena za kudzaza ndipo "less" kamanena za kusowa. Tsinde la Chilatini lakuti "port" ndi kunyamula, choncho "export" ndi kutulutsa katundu m'dziko, "import" ndi kumulowetsa, "porter" ndi wonyamula katundu, ndipo "portable" ndi chinthu chotheka kunyamulika. "Tele" ndi liwu la Chigiriki lonena za kutali, n'chifukwa chake limapezeka pa mayina a telefoni ndi televizioni. Wophunzira mawu m'mabanja amakolola asanu pamene mnzake wakolola limodzi.

Koma m'banja lililonse mumakhala wina wosiyana ndi abale ake, ndipo apa m'pofunika kusamala. Kachidutswa kakuti "in" kawirikawiri kamakana: "correct" ndi cholondola, "incorrect" ndi cholakwika. Munthu woyendera lamulo limeneli mwachimbulimbuli akaona "inflammable" pachigubu cha petulo kapena palafini angaganize kuti za m'katimo siziyaka, pamene liwulo likuchenjeza kuti zimayaka msanga kwambiri. "Invaluable" ndi "priceless" sanena za chinthu chopanda pake, amanena za chinthu chamtengo wosawerengeka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Lamulo la mabanja a mawu limapereka poyambira kuganiza, ndipo ganizolo liyenera kutsimikizidwa ndi chiganizo chonse kapena mtanthauziramawu.

Anzake amene liwu limayenda nawo

Katswiri wa ziyankhulo wa ku London, J. R. Firth, anaphunzitsa mu 1957 kuti liwu limadziwika poona mawu amene limakhala nawo pafupi. Chiphunzitso chimenechi sichachilendo kwa munthu wokulira pamudzi, kumene mwana amadziwika ndi anzake oyenda nawo. M'Chichewa munthu amamwa mankhwala ngakhale akhale mapiritsi, pamene m'Chingerezi mneni wake ndi "take." Mvula yamphamvu m'Chingerezi imakhala yolemera, "heavy rain," pamene tiyi ndiye amakhala wamphamvu, "strong tea." Mngerezi amalipira ngakhale pamene palibe ndalama, akati "pay attention" kapena "pay a visit," ndipo chimfine ndi basi zonse amazigwira ndi mneni mmodzi, "catch." Palibe lamulo limene lingafotokoze zonsezi. Zimadziwika pokumana nazo kawirikawiri, ndipo wolemba liwu m'kope ayenera kulilemba pamodzi ndi mnzakeyo.

Zining'a ndizo zimasocheretsa koposa. Kupsa mtima ndi kukwiya, koma "heartburn" ndi chilungulira, ndipo wosokoneza ziwirizi kuchipatala angalandire mankhwala a m'mimba pamene vuto lake ndi mkangano wa kunyumba. Mwana amene anaphunzitsidwa kuti kutsina khutu sikupweteka munthu koma kumuchenjeza, sadabwa akamva kuti Angerezi nawonso ali ndi mawu okuluwika. Amadziwa kale kuti chining'a sachimasulira liwu ndi liwu.

Ulemu nawo uli ndi malo ake m'chiyankhulo chilichonse. Mdzukulu akati "ndipatseni" walemekeza kale, chifukwa ulemu uli m'kachidutswa kakumapeto kaja. Chingerezi chili ndi "you" mmodzi wa mfumu ndi wa khanda yemwe, motero ulemu wake chimauika m'mawu ena monga "please" ndi "may I have." Mwana wa khalidwe labwino amene wamasulira "ndipatseni" kukhala "give me" amaoneka wamwano mosadziwa. Wolemba kalata yofunsira ntchito akasankha "demand" m'malo mwa "request" walamula pamene amafuna kupempha. Pa maliro Achewa amasiyanitsa kufa, kumwalira ndi kutsikira kulichete. Angerezi nawo ali ndi "die" ndi "pass away," komanso "kick the bucket" lomwe ndi la nthabwala ndipo silingatchulidwe pasiwa. Tanthauzo la liwu limaphatikizapo kudziwa bwalo limene liwulo limaloledwa kukhalapo.

Mawu angati, ndipo ati?

Wina angataye mtima poona kukula kwa ntchitoyi. Mtanthauziramawu wa Samuel Johnson wa mu 1755 unali ndi mawu oposa 42,000, ndipo wa Oxford uja utasindikizidwa kachiwiri mu 1989 unadzaza mabuku 20. Palibe Mngerezi amene amawadziwa onse, ndipo palibe chifukwa choti mdzukulu ayesere. Mu 1953 Michael West, mphunzitsi amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Bengal, anafalitsa mndandanda wa mawu pafupifupi 2,000 amene amagwira ntchito kwambiri. Mawu ochepawa amakwana pafupifupi 80 mwa mawu 100 alionse a m'nkhani wamba. Paul Nation wa ku yunivesite ya Victoria ku Wellington, m'dziko la New Zealand, anaonetsa mu 2006 kuti munthu wofuna kuwerenga nyuzipepala kapena buku la nthano popanda thandizo ayenera kudziwa mawu 98 mwa 100 alionse, ndipo kuti izi zimafuna mabanja a mawu 8,000 mpaka 9,000.

Ziwerengerozi zikuphunzitsa dongosolo. Oyamba kuwadziwa, ndipo kuwadziwa mozama, ndi mawu ang'onoang'ono a tsiku ndi tsiku monga "get," "take," "put" ndi "make," amene ali ndi nkhope zambiri. Pali chizolowezi chokonda mawu ataliatali ogometsa anthu, chakuti mnyamata amafufuza liwu losowa kuti aliponye pamsonkhano anthu aombe m'manja. Wotereyu amafanana ndi munthu wogula chipewa chamtengo wapatali alibe malaya. Wodziwa Chingerezi ndi amene amamveka.

Za kuloweza usiku umodzi, Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anaziyesa pa iye mwini n'kufalitsa zotsatira zake mu 1885. Anapeza kuti zambiri zimene munthu waloweza zimathawa m'maola oyambirira ndi tsiku loyamba, ndiponso kuti kubwereza kotalikirana masiku kumasunga zinthu m'mutu kuposa kubwereza kambirimbiri nthawi imodzi. Kuthamanga si kufika. Liwu limakhazikika likapezeka lero m'buku, mkuja pawailesi, sabata yamawa m'kalata imene mwanayo walemba yekha.

Mtanthauziramawu ndi nkhoswe yabwino, koma ambiri amaugwiritsa ntchito moperewera: amawerenga tanthauzo loyamba n'kutseka buku. A. S. Hornby, amene ankaphunzitsa Chingerezi ku Japan, anaona kuti mlendo pa chiyankhulo amasowa zambiri kuposa tanthauzo. Buku lake, lomwe linatuluka ku Tokyo mu 1942 n'kusindikizidwanso ndi a Oxford mu 1948, linaika ziganizo za zitsanzo ndi kaimidwe ka liwu m'chiganizo, ndipo ndilo kholo la Oxford Advanced Learner's Dictionary. Zitsanzozo ndizo mtima wa bukulo. Nawo alendo amene anaphunzira chiyankhulo cha kuno anayenda njira yomweyo. Johannes Rebmann anasonkhanitsa mawu a Chinyanja pafupi ndi Mombasa pofunsa Salimini, munthu wochokera m'chigawo chapakati cha Malawi amene anagwidwa ukapolo, ndipo buku lake linatuluka mu 1877. David Clement Scott wa ku Blantyre Mission, m'mtanthauziramawu wake wa Chimang'anja wa mu 1892, sanakhutire ndi kulemba liwu ndi mnzake wa Chingerezi. Anafotokozanso miyambo, ntchito ndi zikhulupiriro zimene mawuwo amakhalamo, chifukwa anazindikira kuti liwu lochotsedwa pamudzi pake limafota.

Kodi mapanga awiri avumbwitsa?

Alipo makolo ndi aphunzitsi amene amatsutsa zoyerekeza Chingerezi ndi Chichewa. Iwo amati mapanga awiri avumbwitsa: mwana asiye chiyankhulo cha kwawo pakhomo la sukulu kuti Chingerezi chipeze malo. M'sukulu zambiri mwana wogwidwa akulankhula chiyankhulo cha makolo ake ankalangidwa. Lamulo la maphunziro la mu 2013 linaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira, ndipo mu 2014 boma linalengeza kuti izi ziyambire Sitandade 1, pamene kale ana ankaphunzira m'Chichewa mpaka Sitandade 4. Nkhawa ya makolo amenewa ndi yomveka, pakuti amaona zitseko zimene Chingerezi chimatsekula, ndipo n'zoona kuti mwana wosachimva ndi kuchilankhula kawirikawiri sangachidziwe.

Komatu umboni ulipo wosonyeza kuti chiyankhulo cha kwawo sichilanda malo a Chingerezi. M'zaka za m'ma 1990 Eddie Williams anayesa kawerengedwe ka ana a sukulu za pulayimale ku Malawi ndi ku Zambia. Nthawi imeneyo ana a ku Zambia ankaphunzira m'Chingerezi kuyambira chaka choyamba, monga zinakhalira kuchokera mu 1966, pamene a ku Malawi ankayamba ndi Chichewa. Iye anapeza kuti pa kuwerenga Chingerezi magulu awiriwa sankasiyana kwenikweni, koma pa kuwerenga chiyankhulo cha kwawo ana a ku Malawi anali patsogolo kwambiri. Zaka zinayi za Chichewa sizinawabere Chingerezi.

Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona. Mwana amene sadziwa kusiyana kwa malume ndi bambo aang'ono sangaone chimene "uncle" labisa. Wosadziwa zining'a za kwawo amadzidzimuka ndi zining'a za eni. Chiyankhulo cha mayi, kaya ndi Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe kapena Chisena, ndicho muyeso umene mwana amayezera liwu lachilendo kuti aone pamene lafanana ndi pamene lasiyana. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Mtanthauziramawu wa Chinyanja umene a Centre for Language Studies ku Zomba anatulutsa mu 2000 uyenera kukhala pashelefu imodzi ndi wa Chingerezi.

Ena amati zonsezi zinatha ntchito poti foni ya m'manja imamasulira liwu lililonse m'kanthawi kochepa. Foni ndi chida chabwino ndithu, makamaka pomvetsera katchulidwe ka mawu, poti kalembedwe ka Chingerezi sikagwirizana nthawi zonse ndi kamvekedwe kake. Koma ikapereka matanthauzo asanu a liwu limodzi, wosankha loyenera ndi mwini foniyo, ndipo ikapereka limodzi lolakwika, wosadziwa amalimeza osatafuna. M'chipinda cha mayeso ndi pamaso pa ofunsa mafunso a ntchito foni silowa. Khasu lobwereka silichedwa kuthyoka.

Nawonso mndandanda wa m'kope suyenera kutayidwa kudzala. Umathandiza pa mayina a zinthu zogwirika, monga mbuzi, khasu, masiku a sabata ndi manambala, ndiponso pobwereza mawu amene munthu wakumana nawo kale. Vuto limabwera pamene mndandanda wasanduka sukulu yonse.

Mtolo wa tsiku ndi tsiku

Mdzukulu wofuna kuyenda ndi mawu angayambe ndi zinthu zochepa. Awerenge tsiku lililonse buku losamulemera, limene mawu achilendo ndi awiri kapena atatu mwa 100 alionse, kuti nkhaniyo payokha izimuunikira tanthauzo. Mabuku otere amapezeka ku nyumba zowerengera za National Library Service ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi m'maboma ena. Akakumana ndi liwu lachilendo ayambe waganiza yekha kuchokera m'chiganizo, kenaka atsegule mtanthauziramawu n'kuwerenga matanthauzo onse pamodzi ndi zitsanzo. M'kope alembe chiganizo chonse chimene analipezamo, abale a liwulo, anzake oyenda nawo, ndi mawu onse a Chichewa amene akuliyandikira, ngakhale akhale anayi. Abwererenso patsambalo mawa lake, pakatha sabata, ndiponso pakatha mwezi. Mawu asanu pa tsiku amakwana 1,825 pa chaka, pafupifupi mndandanda wonse wa West uja. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Asaope kuligwiritsa ntchito liwu latsopano, ngakhale anzake amuseke akaphonya, pakuti mbewa ya manyazi inafera kudzenje. Asaopenso kufunsa mphunzitsi kapena wina wodziwa, poti safunsa anadya phula.

Agogo nawo ali ndi gawo lawo ngakhale sanapite patali ndi sukulu. Mdzukulu akabwera madzulo ndi liwu la Chingerezi n'kunena kuti tanthauzo lake ndi kunyamula, iwo angamufunse kuti, "Kunyamula kwake kuti, mdzukulu wanga? Kwa pamutu, kwa kumsana, kapena kwa m'manja?" Akati tanthauzo lake ndi malume, amufunse kuti, "Malume ake ati, a kuchikazi kapena ukunena bambo ako aang'ono?" Mafunso otere amabweza mwana ku buku lake ndi maso atsopano, ndipo usiku umenewo amagona atadziwa bwino mawu a ziyankhulo ziwiri.